Ndani akuidziwa timu ya La Crosse Catbirds? Ndapeza malaya ake pa kaunjika

Mnyamata wa ku Ndirande:
Akuluakulu, ndithandizeni. Loweruka ndimasankha zovala pa kaunjika ku Limbe, ndiye pansi pa mulu ndinatulutsa tisheti yakale, kolala yake yofutukuka, zilembo zitayamba kusweka. Pachifuwa palembedwa kuti La Crosse Catbirds, m'munsi mwake CBA Champions 1992, pakati pali mpira wa basketball. Ine basketball ndimasewera kuyambira ku sekondale ndipo matimu onse 30 a NBA, ligi yaikulu ya ku America, ndingawatchule osapumira, koma iyi sindinaimvepo. Inali timu yanji? Ikadalipo? Ndikufuna ndikaivala kubwalo ndizitha kuyankha anzanga akandifunsa.

Malume a ku Minneapolis:
Mphwanga, tisheti imeneyo uisamale, usaichape ndi bulashi. Ine ndimakhala ku Minnesota, ndipo La Crosse ndi katauni ka ku Wisconsin m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, ulendo wa maola awiri ndi theka pagalimoto kuchoka kuno. Anthu ake ndi pafupifupi 50,000 basi. Dzina loti Catbirds ndi la kambalame kotuwa kamene kamalira ngati mphaka.

Timuyi inkasewera mu Continental Basketball Association (CBA), ligi imene inali pansi pa NBA. Inayambira ku Louisville mu 1983, n'kusamukira ku La Crosse mu 1985. Nthawi yake yabwino inafika ndi mphunzitsi Flip Saunders mu 1989. Anatenga chikho mu 1990, n'kudzatenganso mu 1992, chaka chimene chili pa tisheti yakoyo. Maulendo onse awiri anagonjetsa Rapid City Thrillers mu fainolo, timu imene Flip yemweyo ankaphunzitsa asanabwere ku La Crosse. Wa 1992 unali wothina, matimu awiriwa anakumana mpaka kasanu ndi kawiri kuti wopambana adziwike. Mmodzi mwa osewera a chaka chimenecho anali David Rivers, amene pambuyo pake anakatenga chikho cha Ulaya ndi Olympiacos, timu ya ku Greece, mu 1997.

Ine nkhaniyi ndinaidziwa chifukwa cha Flip. Kuno ankamukonda kwambiri, poti ndiye anaphunzitsa katswiri Kevin Garnett ku timu ya NBA ya Minnesota Timberwolves kuyambira 1995. Atamwalira mu 2015, bambo wina amene ndinkagwira naye ntchito yausiku, wobadwira ku La Crosse, anakhala pansi pa nthawi ya tiyi n'kuyamba kulira. Anatulutsa m'chikwama katikiti kakale kopindikapindika ka ku La Crosse Center, bwalo la timuyi, akuti bambo ake ankamutenga kumeneko m'nyengo ya chisanu. Anandiuza kuti osewerawo unkatha kukumana nawo m'sitolo akugula mkaka, n'kupatsana moni ngati aneba.

Chimene chimandipweteka n'chakuti timuyi sinafe chifukwa cholephera pabwalo. Patangotha zaka ziwiri chitengere chikho, mu 1994, inasamutsidwira ku Pittsburgh n'kupatsidwa dzina loti Piranhas. Kumeneko inafikanso mu fainolo ya 1995, inagonja kwa Yakima Sun Kings, ndipo chaka chomwecho inatha.

Mayi Mphunzitsi:
Malume, mwafotokoza bwino, koma pali pamene sindikumvetsa. Timu yotenga zikho iwiri ingachoke bwanji m'tauni imene anthu akuikonda? Ochemerera sanakane?

Malume a ku Minneapolis:
Mayi, ku America timu ndi katundu wa mwini wake, ngati golosale. Akaona kuti ndalama zapakhomo sizikukwanira malipiro, lendi ya bwalo ndi matikiti a ndege, amaigulitsa kapena kuinyamula kupita kwina, ochemerera n'kungotsala ndi zipewa. Mu CBA zimenezi zinkachitika pafupifupi chaka chilichonse.

Panalinso vuto lina limene linali m'magazi a ligiyo. Wosewera akayamba kuwala, timu ya NBA inkamuitana pa kontirakiti ya masiku 10, ndipo palibe amene akanamuletsa, poti n'zimene anabwerera. Mphunzitsi ankadzuka m'mawa n'kupeza kuti womwetsa wake wamkulu wakwera ndege. Ndiye taganizirani kutenga chikho kawiri m'zaka zitatu ndi anthu obwera n'kumapita chonchi. N'chifukwa chake ine ndimati Flip luso lake analipezera ku La Crosse, osati ku NBA.

Tauniyo inadzalandira timu ina, La Crosse Bobcats, mu 1996. Imeneyo inafa pamodzi ndi ligi. Isiah Thomas, katswiri wakale wa mu NBA, anagula CBA yonse mu 1999 pa madola 10 miliyoni, ndipo pofika February 2001 ligi inagwa nyengo ili mkati. Chaka chomwecho NBA inayambitsa ligi yakeyake yaing'ono, imene lero tikuitcha G League.

Refa wa ku Zomba:
Ndiwonjezereko kamodzi kamene kamandisangalatsa ngati woimbira. CBA inkawerenga mapointi mwa njira yakeyake: masewero aliwonse anali ndi mapointi 7. Wopambana masewero ankatenga 3, ndipo kota iliyonse inali ndi pointi imodzi kwa amene wamwetsa zambiri m'kota imeneyo. Choncho ngakhale timu itatsalira ndi mabasiketi ambiri, kota yomaliza inkalimbiranabe, palibe kungoyendayenda kudikira wezulo. Ndimalakalaka titayesa zimenezi m'mipikisano ya masukulu kuno, chifukwa ana athu akaona kuti agonja amataya mtima kota yachitatu isanathe.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Zikomo kwambiri nonse. Malume, kubwalo sindipita nayonso, thukuta lingamalize zilembozo. Ndaipinda bwinobwino, ili m'sutikesi. Ngati bambo a katikiti aja mukumaonana nawobe, mundiuze, ndiijambule ndikutumizireni muwaonetse.