Malaputopu akale ophunzitsira: tiikemo Linux kapena ayi?

Wa pa Boma: Akuluakulu, kasitomala ali ndi malaputopu 8 ophunzitsira kutaipa, Core i3 zakale, RAM 4GB. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 ikukana kulowa poti mulibe TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo komwe imafuna. Kodi Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ingapirire m'manja mwa anthu oti sanagwirepo mausi?

Wa ku Monkey Bay: Ingapirire achimwene, bola musankhe bwino. Ikani Linux Mint 22 ya Xfce (mtundu wa desktop), ndi yopepuka ndipo izilandira ma update mpaka 2029. ISO yake, fayilo yoikira Mint, ndi pafupifupi 3GB, ndiye koperani kamodzi kokha kuti bando isathere pamenepo, muiike pa flash ya 8GB ndi pulogalamu ya Rufus. Musathamangire kufufuta hard disk. Yatsirani pa flash pomwepo, muyese WiFi, mawu ndi keyboard. WiFi ikapanda kuoneka, kawirikawiri ndi khadi ya Broadcom. Lumikizani foni ndi chingwe cha USB kuti mupeze intaneti, tsegulani Driver Manager, muikemo dalaiva.

Wa ku Namwera: Mint payokha sivuta. Pagona nkhani ndi pa printa. HP LaserJet P1102 imaoneka ngati yalowa koma osatulutsa pepala mpaka mutalemba hp-plugin mu terminal (windo lolembamo malamulo) muli pa intaneti. Canon LBP2900 ndiye imadya tsiku lonse, dalaiva wake wa CAPT ndi wamakani.

Wa ku Malindi: Musaiwale zikalata. Kalata yolembedwa ndi font ya Calibri ikatsegulidwa mu LibreOffice, pulogalamu yolembera yobwera ndi Mint, mizere imasuntha, tsamba limodzi n'kukhala awiri, chifukwa font imeneyo mulibe. Ikani font ya Carlito (fonts-crosextra-carlito), zilembo zake n'zofanana kukula ndi Calibri. Times New Roman ndi Arial zili mu ttf-mscorefonts-installer. Kenako mu LibreOffice, pa Tools, Options, Load/Save, General sinthani kuti izisunga docx ngati Word. Koma Publisher ndi CorelDRAW iwalaniko, sizimabwera za Linux. Wopanga makadi a ukwati musamunamize.

Wa ku Monkey Bay: Chinanso magetsi. Malaputopu a msinkhu umenewo mabatire anafa kale, magetsi akangothima nayonso thii. Nthawi zina poyatsanso mupeza sikirini yakuda yolembedwa initramfs. Sinafe. Werengani partition (chigawo cha hard disk) yomwe yatchulidwa pamwamba pa sikiriniyo, mwina /dev/sda2, lembani fsck -y /dev/sda2, ikamaliza lembani exit. Yatsaninso pulogalamu ya Timeshift izisunga snapshot, kope lobwezeretsera sisitimu ikaonongeka, sabata iliyonse, ndipo ophunzira apatseni akaunti yopanda mphamvu za admin. Zowonongeka zambiri zimayambira pa pasiwedi yoperekedwa kwa aliyense.

Wa pa Boma: Ndafunsa, printa yawo ndi LBP2900 yomweyo.

Wa ku Namwera: Basi musalimbane nayo madala. Laputopu imodzi isiyeni pa Windows 10, muichotse pa intaneti, printa ikhale pamenepo. Zisanu ndi ziwirizo Mint. Wofuna kusindikiza asunge PDF pa flash, ndipo kavairasi kosandutsa mafayilo kukhala ma shortcut kaja kakalowa mu flash, muzikachotsera pa Mint, kumeneko sikagwira ntchito.