Tigone ku Lauterbrunnen kapena ku Interlaken?

Abale ndi alongo amene munafikako ku Switzerland, ndithandizeni nzeru. Mwezi wa June ndikufuna kupita ndi mayi anga ku Lauterbrunnen, kamudzi kamene kali m'chigwa cha mathithi 72. Tili ndi masiku atatu okha, ndipo mayi amavutika mawondo.

Funso loyamba ndi la malo ogona. Ku Interlaken, tauni yapafupi, kuli nyumba zambiri zogona alendo, ndipo sitima yochokera pa siteshoni ya Interlaken Ost imatenga mphindi 20 zokha kukafika ku Lauterbrunnen. Koma mtima wanga uli m'mudzimo, kuti tikamadzuka tiziona mathithi a Staubbach, aja amagwa kuchokera pa thanthwe lotalika pafupifupi mamita 300. Kodi kusiyana kwa mitengo ndi kwakukulu?

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi Trümmelbach. Mathithi 10 amenewa ali m'kati mwa phiri, ndipo madzi ake amachokera ku ayezi wa mapiri a Eiger, Mönch ndi Jungfrau. Chikepe chilipo, koma masitepe aliponso, onyowa ndithu. Munthu wa zaka 68 angakwanitse, kapena ndingowasiya pansi akumwa tiyi?

Za Jungfraujoch, siteshoni ya sitima yomwe ili pamtunda wa mamita 3,454, ndikukayika. Tikiti yake ndi yodula, ndipo kukachita mitambo ndalama yangopita. Mwina Mürren kapena Wengen, midzi yopanda magalimoto ija, ingatikwanire.

Ndipo chakudya? Mayi popanda nsima tsiku silinathe. Ufa ndinyamule, kapena ndiwazoloweze mbatata ndi tchizi?