GPS ya ulendo wa ku Joni, ndigule kapena ndidalire foni?

Wa ma IT (woyendetsa galimoto zoitanitsa kunja kuchokera ku doko), Kamuzu Road: Akuluakulu thandizeni msanga. Lachitatu ndikunyamuka wa ku Joni, bwana wina wa ku Senga Bay akufuna ndimuyendetsere Prado yake, kupita ndi kubwera. Wa Dar ndingayende nditatsinzina, Songwe, Tukuyu, Makambako, Kitonga mpaka Chalinze, koma Tete sindinawolokepo. Sikirini ya m'galimotomo ndi ija ya ku Japan, ikuonetsa kuti tili pakati pa nyanja yamchere, zolemba zake timitengo tokhatokha. Foni sindikuikhulupirira, ulendo watha inandizimira pa Ubungo itapsa ndi dzuwa pa galasi, ndinazungulira maola awiri ndi galimoto ya eni. Pali mnyamata akugulitsa GPS ya Garmin yakale, akuti anamutumizira achibale a ku UK. Ndigule? Za "funsani anthu" musandiuze chonde.

Mdala wa Dwangwa: Funsani anthu. Kufunsa ndi kudziwa njira. Ine ndinayamba kupita ku Joni inu muli kumsana, kopanda ka TV kolankhula.

Makaniko wa pa Boma: Achimwene musalipire musanayatse. Lowani mu settings, pa map, muone mapu amene alimo. Ya ku UK nthawi zambiri imakhala ndi mapu a ku Ulaya basi. Imagwira satelaiti bwinobwino, koma imangokuonetsani kagalimoto pa chigwa chopanda misewu. Muonenso ngati ili ndi kolowetsa memory card. Ikakhala nako mutha kuikamo mapu a Southern Africa, kaya a Garmin eni ake kaya a Tracks4Africa, koma amenewo ndi ogula, ndiye muwerengere pamodzi ndi mtengo wa mnyamatayo. Ya Prado ija isiyeni, ndipo kakhadi kali m'menemo musakazule, wailesi zina zimadzitseka kenako mudzandivutitsa ine.

Wa ma IT: Ndiye pofika Lachitatu mapuwo ndiwapeza kuti ku Salima kuno??

Wa Thanka, Beira: Simuwapeza. Ikani mu foni. GPS siifuna bandulo, chofuna bandulo ndi kutsitsa mapu. Pezani wifi lero, pa Google Maps sankhani offline maps, mudule zigawo: Dedza mpaka Tete, Tete mpaka Harare, Harare mpaka Beitbridge, kenako Musina mpaka Joni. Muikenso ina yotsitsa dziko lonse, Organic Maps kapena OsmAnd, yoti ikafa iyi mutsegule iyo. Mukamaliza ikani foni pa flight mode muyese kuiuza Kaphatenga, muone ngati ikulankhula.

Mdala wa Dwangwa: Msewu wake ndi umodzi. Dedza, Calomue, Moatize, Tete, Changara, Nyamapanda. Usochera pati? Ku Angonia konse amalankhula Chichewa chathu chomwechi.

Wa Thanka: Madala, ku Angonia inde. Nanga pa Changara? Pamenepo msewu umagawikana, wina wa ku Zimbabwe, wina wathu wa Guro, Catandica mpaka Chimoio. Mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa ananditsata kumbuyo poganiza kuti thanka iliyonse ikupita ku Nyamapanda. Anadzidzimuka ataona chikwangwani cha Guro, mafuta ali pa kota.

Mdala wa Dwangwa: Chifukwa sanafunse. Safunsa anadya phula.

Mayi a Minibasi, Nkhotakota: Ine changa n'chenjezo. Ka foni kaja kamakonda njira yaifupi, sikadziwa kuti mwanyamula chiyani. Mlamu wanga akuchokera ku Chipata ndi Canter yodzaza simenti kanamukhotetsera m'msewu wafumbi, ati apulumutsa mphindi makumi awiri. Anakapeza mlatho wa mitengo, kutembenuka osatheka, anabwerera rivesi mtunda wonse kondakitala akuyenda pansi ndi tochi. Ngakhale kwathu konkuno, uzani kuti mukufuna Dedza kuchokera ku Salima, kakukwezani Khwekhwelere pa Golomoti osakuuzani kuti mabuleki anu akhale abwino pobwerera.

Wa ma IT: Prado ikwera Khwekhwelere mayi, vuto si limenelo. Vuto ndi foni kuzima.

Makaniko wa pa Boma: Imazima chifukwa mumaipachika pa galasi, dzuwa kutsogolo, chaja kumbuyo, sikirini ili mbee. Ku Tete kumatentha kuposa Salima wa mu Okutobala, ikafa musanaone Zambezi. Gulani kogwirira ka pa venti ya AC, muchotse kava, ndipo chaja ikhale yeniyeni osati ija ya pa depoti. Kumeneko n'kumene Garmin imapambana, inapangidwira pa galasi ndipo bwana akaimba foni mapu sachoka. A ma thiraki inu onani chaja ngati yalembedwa 12 mpaka 24V, ndakonzapo zambiri zopsa.

Wa Thanka: Za ma thiraki ndi nkhani ina, pamafunika Garmin ija ya dēzl yoti umalembamo kutalika ndi kulemera. Komabe mapu akakhala akale ndi chimodzimodzi. Mlatho wa Kassuende ku Tete unatsegulidwa 2014, makina a mapu a kumbuyo kwake amakulozera wa Samora Machel m'tauni, kumene ife olemera satifunako. Inu a Prado dutsani paliponse.

Mdala wa Dwangwa: Mwaona? Makina sadziwa mlatho, munthu wogulitsa makala pa Moatize amaudziwa.

Wa Joni Weekly: Madala ndimakulemekezani, koma pa Joni musamuphunzitse mwana zimenezo. Nambala ya Malawi, usiku, watsitsa galasi pa robot kufunsa njira? Ayi. Achimwene, adiresi ya kumene mukukagona muilembe mu foni musananyamuke, ndi dzina la dera lomwe, chifukwa misewu ya dzina limodzi ilipo yambiri. Muonenso kuti avoid tolls ndi yozimitsa. Mukaiyatsa ikuchotsani pa N1 n'kukuponyani m'misewu ya m'mbali pothawa ma toll gate a Baobab, Capricorn, Kranskop ndi enawo. Lipirani basi, ndalama ndi za bwana. Ma e-toll a ku Gauteng aja anatha mu Epulo 2024, makina akale akamalira za izo musatekeseke. Mukawoloka Beitbridge gulani SIM pa Musina, chifukwa mapu otsitsa sakuuzani za jamu, ndipo jamu ya pa Midrand m'mawa si ya pa Mchesi.

Mayi a Minibasi: Ndipo liwiro limene kakulemba pa sikirini musalikhulupirire, werengani zikwangwani. Wapolisi wa ku Mozambique simungamuonetse foni. Ma triangle awiri ndi reflector jacket zikhale pafupi, osati pansi pa masutikesi a bwana.

Wa ma IT: Ndamuimbira mnyamata uja, akuti chaja inasowa ndiye siyingayake, koma "ndi yabwinobwino". Akuti ndiwonjezere ya chaja.

Makaniko wa pa Boma: Kkkkk mbuzi ya m'thumba. Bwerani nayo ku galaja mawa, chingwe cha mini USB ndili nacho, tiiyatse ali pompo.

Mdala wa Dwangwa: Ndalama imeneyo mugulire kabuku, ndikulembereni matauni onse mpaka Polokwane. Kabuku sikafuna chaja.

Wa Joni Weekly: Nanga kuchokera Polokwane madala?

Mdala wa Dwangwa: Afunsa.

Wa Thanka: Achimwene poti mukudzera Harare, mungandinyamulireko ka injector pump pobwera? N'kakang'ono, ndikutumizirani chithunzi ku inbox.

Mayi a Minibasi: Inenso ma shock a Hiace awiri okha. Paja dizilo alipo pa Salima lero? Kuno tagona pa mzere.

Makaniko wa pa Boma: Thanka inalowa masana, koma mzere wafika kale pa njanji.