Kulowa m'tchire ndekha ndi galimoto, mundilangiza zotani?

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mwezi wamawa ndikufuna kulowa m'tchire ndekha pa galimoto yanga ya 4x4, masiku atatu, kumalo kopanda netiweki. Ulendo wathawu ndinatitimira mumchenga wa mtsinje wouma mpaka galimoto inakhalira mimba. Ndinakumba ndi fosholo maola anayi, dzuwa likuswa mtengo, manja onse matuza, osadziwa kuti ndikanangophwetsako matayala ndisanalowemo.

Tsono pamchenga mpweya mumautsitsa kufika pati? Ndimaganiza za 1.2 bar, koma ndikuopa kuti tayala lingavuke pa limu. Nanga winchi (makina a chingwe okokera galimoto ikatitimira) mumaikoleka kuti pamalo popanda mtengo? Zokwirira tayala la sipeya m'dzenje n'kukokerapo zimathekadi, kapena n'zongocheza?

Chandiimitsa mutu kwenikweni ndi kaitanidwe ka thandizo. PLB (kachipangizo koitanira opulumutsa anthu pangozi) ya 406 MHz siilipiritsa pamwezi, koma imangotumiza chizindikiro cha ngozi basi. Garmin inReach imatumiza ndi kulandira mauthenga kudzera pa setilaiti, koma njolipira. Kwa munthu woyenda yekha, chabwino n'chiti?

Madzi ndinyamula malita 30, ndipo achemwali ndiwasiyira mapu a njira yanga ndi tsiku lobwerera. Galimoto ikafa sindisunthapo, ndidikirira pomwepo. Pali chimene ndaiwala?