Zowonjezera pa funso la kuchotsa wodwala pa makina opumira

Funso lija linali lakuti kodi RSBI (nambala yoonetsa ngati munthu akupuma mofulumira ndi mosazama) payokha ingatiuze kuti wodwala wa ku ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya) wakonzeka kuchoka pa makina othandiza kupuma. Tinayankha mwachidule kuti ayi. Nazi zifukwa zake.

RSBI, imene Yang ndi Tobin anaifotokoza mu 1991, timaipeza pogawa maulendo amene munthu akupuma pa mphindi ndi malita a mpweya umene akukoka ulendo umodzi. Wopuma ka 30 pa mphindi, malita 0.25 ulendo uliwonse, ali pa 120, wadutsa malire a 105, kutanthauza kuti mwina sanakonzeke. Koma nambalayi siitiuza ngati angathe kutsokomola.

Choncho m'mawa uliwonse chepetsani mankhwala ogonetsa, muone ngati FiO2 (gawo la okosijeni mu mpweya umene makina akupereka) siyikupyola 0.4, PEEP (mphamvu ya mpweya imene makina amasiya m'mapapo wodwala akamaliza kutulutsa mpweya) ili 5 mpaka 8, ndiponso BP siyikudalira mankhwala ambiri. Zonsezi zikakhala bwino, muyeseni wodwalayo apume yekha mphindi 30 mpaka 120. Akamapuma kupyola ka 35 pa mphindi, okosijeni ikatsika pansi pa 90%, kapena thukuta likayamba kuchucha pachipumi, m'bwezereni pa makina, mudzayesenso mawa. Akalephera, musafulumire kunena kuti vuto ndi mapapo okha. Nthawi zambiri vuto ndi mtima umene walemedwa ndi madzi ochuluka m'thupi, ndipo mankhwala okodzetsa a furosemide amathandiza.

Ena amapambana mayesowa koma n'kubwezeredwanso chubu chopumira cha pakholingo chifukwa cha kutsokomola kofooka, makhololo ofunika kupopa pafupipafupi, kapena kutupa kwa kholingo. Kwa amene akhalitsa ndi chubu chitani cuff leak test, ndiko kuphwetsa kabaluni ka chubu n'kuyeza mpweya wodutsa m'mbali mwake. Mpweya wodutsa m'mbali ukachepera 110 ml, apatseni steroid (mankhwala ochepetsa kutupa) pasadakhale, papite maola osachepera 4 musanachotse chubucho.