Kutamanda Mulungu nkhokwe ili yopanda kanthu

Mlimi wa ku Chamama: Abale mwa Ambuye, chilala cha 2024 chinapsereza chimanga changa chonse, ndipo kuyambira pamenepo ndikaimirira kuti ndiimbe m'tchalitchi, mtima umakhala uli kunkhokwe. Kodi kutamanda kotereku si chinyengo?

Mayi wa ku Santhe: Ayi bambo, si chinyengo. Werengani Habakuku 3:17-18, pamene mneneri akunena kuti adzakondwerabe mwa Yehova ngakhale mkuyu usaphuke ndiponso m'khola mukhale mopanda ng'ombe.

Mkulu wa mpingo, Mtunthama: Kudandaula nakonso ndi pemphero, pakuti Salimo 13 likuyamba ndi kufunsa Mulungu kuti adzamuiwala Davide mpaka liti. Komabe tisamangopatsana mavesi munthu akugona ndi njala. Kodi adikoni akudera kwanu akudziwa kuti pakhomo panu palibe ufa?

Mlimi wa ku Chamama: Sindinawauze, akuluakulu, chifukwa ndinkachita manyazi. Ndikawaona Lamulungu tikaweruka mapemphero.