Ntchito ili ku Midrand, munthu ali ku Blantyre: za UIF zikhala bwanji?

aNabanda: Akuluakulu okonza malipiro, ndigawireniko nzeru. Pakampani ina ya ku Midrand, kuno ku South Africa, pali mayi akwathu osunga mabuku, amalandira R24,000 pamwezi, agwirapo zaka zisanu. Akufuna kubwerera ku Blantyre azikagwira ntchito yomweyi pa intaneti. Abwana avomera, koma akuti mayiwa alembe kalata yosiya ntchito, kenako azingotumiza invoisi mwezi ndi mwezi ngati munthu woima payekha. Fomu ya UI-19, imene kampani imalembapo chifukwa chimene ntchito ya munthu yathera, ikudikira pano. Ndilembepo chiyani, nanga ndalama akhala akudulidwa zija za UIF, thumba la boma lothandiza anthu ntchito ikawathera, zithera kuti?

aMwale: Achemwali, kalatayo asalembe kaye. Akalemba, inu muyika khodi 6 pa UI-19, ndiye kuti wasiya yekha, ndipo wosiya yekha UIF siimupatsa kanthu. Amalandira ndi amene kontirakiti yatha (khodi 5), wochotsedwa (4), kapena wochepetsedwa pantchito (11). Komanso munthu wa invoisi sadulidwa UIF, choncho kampaniyo ikadzawauza kuti basi, adzangotsala manja lende. Musayesenso kulemba 11 mowachitira chifundo pamene asiya okha. Chimenecho ndi chinyengo, ndipo siginecha ili pafomupo ndi yanu.

aChisale: Zoona. Akhalebe pa payroll, kontirakiti ingowonjezedwa ndime yonena kumene akugwirira ntchito. Pamndandanda wa anthu osadulidwa UIF pali ogwira ntchito maola osakwana 24 pamwezi, aphungu, makhansala ndi ena otero, koma palibe ndime yoti wakhala kunja kwa dziko. Ngakhale alendo oyembekezeka kubwerera kwawo kontirakiti ikatha anayamba kudulidwa pa 1 March 2018. Ndiye dulani monga mwa nthawi zonse: 1% ya wantchito, 1% ya kampani. Malire ndi R17,712 pamwezi, kotero pa R24,000 mudula R177.12 yokha, kampani iwonjezere R177.12, zonse R354.24, zipite ku SARS, bungwe lotolera misonkho kuno, pa fomu ya mwezi ndi mwezi ya EMP201 pofika pa 7 mwezi wotsatira.

aNabanda: Ndiye ntchito ikadzatha ali ku Blantyre komweko, angolowa pa uFiling, tsamba la UIF la pa intaneti, n'kulandira?

aChisale: Apo ndiye pali nkhani, mayi. Kusonkha n'kosavuta, kulandira ndi kwina. Lamulo limafuna kuti munthu alembetse ku leba ngati wofuna ntchito, akhale wokonzeka kuyamba ntchito ikapezeka, ndipo azisainira kuti ndalama zipitirire kubwera. Akaitanidwa ku ofesi ya leba kuti aonekere ndi pasipoti m'manja, kunena kuti ndili ku Chilomoni sikuthandiza. Ndalamanso zimalowa mu akaunti ya banki ya kuno ya dzina lawo, ndipo fomu ya UI-2.8 imafuna chidindo cha bankiyo. Akaunti asatseke, aziyigwiritsako ntchito kuti isagone. Mapepala awo okhalira kuno akatha ali kumudzi, vuto limakula, chifukwa munthu wosaloledwa kugwira ntchito muno n'kovuta kuti aoneke ngati wofuna ntchito muno. Nthawi yopemphera ndi miyezi 12 kuchokera tsiku limene ntchito yatha.

aMwale: Pali kena kamene kamagwetsa anthu akwathu ambiri: pasipoti. Munthu akapangitsa yatsopano nambala imasintha, pamene ku UIF zosonkha zake zonse zinalembedwa pa nambala yakale. Akafufuza pa kompyuta amangoti simukupezeka. Asunge pasipoti yakale ngakhale ili yodulidwa ngodya, ndipo inu musinthe nambala mu payroll mwezi womwewo. Onetsetsaninso kuti mayina a antchito akutumizidwa ku UIF mwezi uliwonse. Ndalama kupita ku SARS sikutanthauza kuti dzina la munthu lafika ku leba.

aNaphiri: Auzeninso kuchuluka kwake, asamayembekeze chuma. Masiku anayi aliwonse ogwira ntchito amabala tsiku limodzi lolandira, mpaka masiku 365 pa zaka zinayi zomaliza. Olandira zochepa amapatsidwa mpaka 60%, koma amene afika pamalire ngati mayiwa ndi 38% ya R17,712, pafupifupi R6,700 pamwezi, ndipo akadutsa masiku 238 imatsika kufika 20%. Masiku amenewa sasamuka kupita kumudzi, poti ku Malawi kulibe thumba la anthu osowa ntchito. Kumeneko wantchito amadalira severance (ndalama zimene abwana amapereka ntchito ikathetsedwa) ndi penshoni, ija ya 10% kuchokera kwa abwana ndi 5% kwa wantchito.

aGondwe: Ine ndikuvomereza zonse koma musaiwale msonkho, chifukwa abwanawo mwina akuthawa zimenezo. Ntchito yogwiridwa munthu ali pa nthaka ya Malawi, MRA ili ndi ufulu wofunapo gawo lake, olo ndalama zizichokera ku Joni. Maiko awiriwa ali ndi pangano loletsa kudula msonkho kawiri, koma siligwira lokha, pamafunika mapepala. PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, musayisiye kapena kuyipitiriza mongoganiza, akhale pansi ndi wodziwa misonkho ya mbali zonse ziwiri mayiwa asanakwere basi. Kwinanso ndi COIDA, lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pantchito. Wantchito wa kuno amene ali kunja mongoyembekezera amatetezedwa akavulala pantchito, koma akapitirira miyezi 12 yotsatizana chitetezocho chimatha, pokhapokha pakhale mgwirizano ndi a Compensation Fund, thumba lolipira ovulalawo.

aNabanda: Zikomo kwambiri akuluakulu. UI-19 ndaibweza mu fayilo. Nanga abwana akaumirira za invoisi?

aMwale: Apo ndiye kuti akuthetsa ntchito ndi abwanawo, osati mayiwa. Atsate ndime 189 ya Labour Relations Act, akambirane, apereke notisi, ndalama za tchuthi chotsala, ndi severance yosachepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu, apa ndi masabata asanu. Khodi 11 ikhala yoona, ndipo mayiwa poika mtengo pa invoisi awerengeremo penshoni ndi zachipatala, chifukwa kuyambira pamenepo azidzilipirira okha.